Mmene mungawerengere zimene moto wa nthawi ya nkhondo wawononga m'nkhalango

Munthu akaima pa Nsanje boma m'mawa kunja kutayera bwino, amaona phiri la Morrumbala tsidya lina la Shire, m'dziko la Mozambique. Akuluakulu amene anali atakula kale m'zaka za m'ma 1980 amakumbukira kuti mbali imeneyo, komanso kudzera ku Marka ndi m'tinjira tambiri timene sitili pamapu, n'kumene kunkachokera anthu othawa nkhondo ya pachiweniweni imene inayamba mu 1977 n'kutha mu 1992, pamene mbali ziwirizo zinasainirana pangano la mtendere ku Rome. Dziko lathu linasunga anthu oposa 1 miliyoni, ndipo inafika nthawi imene alendo m'boma la Nsanje anachuluka kuposa eni nthaka. Mayina a misasa ya Mankhokwe ndi Nyamithuthu, komanso Kunyinda ku Chikwawa, sanaiwalike mpaka lero. Kuwerenga anthu pamzere wolandira ufa kunali kotheka, koma kuwerengera nkhalango imene yapsa chifukwa cha nkhondo ndi ntchito ina, yofuna kudekha, chifukwa mitengo siima pamzere ndipo lupsa limafufutika mvula ikangogwa kawiri.

Malangizo awa ndalembera alangizi a za nkhalango, makomiti osamalira zachilengedwe m'midzi, ophunzira, ndi wina aliyense kuno kuchigwa cha Shire amene angapatsidwe ntchito yotere. Ifeyo nkhondo tinaionera m'malire, sitinaimenye, komabe njira yake ndi yomweyo imene mungagwiritse ntchito moto wolusa ukawononga nkhalango ya m'mudzi mwanu. Popeza m'chinenero chathu mawu akuti mtengo amatchula chomera komanso ndalama imene chinthu chimagulidwira, ine ndikati mtengo ndikunena wa m'tchire, ndipo zinazo ndizitchula kuti ndalama.

Chimene mukufuna kupeza si ndalama ya nkhalango yonse imene moto unadutsamo ayi, koma kusiyana kwa mmene nkhalangoyo ikanakhalira pakanapanda nkhondo ndi mmene ilili tsopano. Amene amaiwala mfundo imeneyi amatulutsa chiwerengero chachikulu chochititsa nthumanzi, chimene chimagwa munthu wodziwa akangochifunsa mafunso awiri. Nkhondo ya ku Kuwait ya 1991 itatha, bungwe la United Nations linakhazikitsa komishoni yoona za chipukuta misozi, ndipo madandaulo okhudza chilengedwe anakwana pafupifupi madola 85 biliyoni, koma zimene zinavomerezedwa zinangopitirira pang'ono madola 5 biliyoni. Mu 2018 dziko la Costa Rica, limene linapempha madola pafupifupi 6.7 miliyoni kwa Nicaragua chifukwa chowononga dambo ndi mitengo ya m'malire, linapatsidwa madola 378,890 ndi khoti la mayiko onse ku The Hague. Khoti lomwelo mu 2022 linagamula kuti Uganda ilipire dziko la DR Congo madola 325 miliyoni pa madola oposa 11 biliyoni amene linapempha, ndipo mwa ndalamazo 60 miliyoni ndi zimene zinali za zachilengedwe. M'milandu yonseyi mbali zambiri za madandaulo zinagwa chifukwa umboni unali woperewera.

Musanaponde m'lupsa

Musalowe pamalo amene panamenyedwa nkhondo akatswiri ochotsa mabomba asananene kuti ndi pabwino. Moto umachotsa udzu umene unabisa zida zosaphulika, ndipo zina zimene zatenthedwa zimatha kuphulika zikangokhudzidwa. Dziko la Mozambique linalengeza mu Seputembala 2015 kuti lachotsa mabomba okwirira m'malo onse amene ankadziwika, koma mawu akuti "amene ankadziwika" muwamvetse bwino. Ku Ukraine, kumene nkhalango zambiri za paini zapsa chiyambire nkhondo yaikulu mu Febuluwale 2022, ozimitsa moto ndi ofufuza amalephera kulowa m'malo ambiri pa chifukwa chomwechi. Mukaona chitsulo chachilendo chadzimbiri musachigwire, musachitembenuze ndi ndodo, bwererani moponda mmene munadzera, ikani chizindikiro chapatali, n'kukadziwitsa apolisi.

Chilolezo chiyambire kwa anyakwawa, kenako kwa agulupu ndi Gogo Chalo, ndipo ofesi ya za nkhalango paboma idziwe zimene mukuchita. Nkhalango yotetezedwa ngati Matandwe ili m'manja mwa nthambi ya za nkhalango motsatira lamulo la 1997. Lengwe ndi Mwabvi n'za nthambi yoona za nyama zakutchire, pamene Majete akuyendetsa ndi a bungwe la African Parks kuyambira 2003. Ngati lupsa ladutsa malire, inu musadutse nalo popanda zikalata ndi chilolezo cha boma la tsidya linalo.

Dziwani mmene nkhalango inalili

Apa ndi pamene ntchito yonse yagona, ndipo mboni zanu zoyamba ndi anthu, osati kompyuta. Itanitsani msonkhano kudzera kwa amfumu, koma pofunsa mafunso mupatule amayi paokha ndi abambo paokha, chifukwa amayi ndiwo amadziwa kumene kunali nkhuni, masawu, bwemba, malambe ndi udzu wofolera, pamene abambo amadziwa za nsichi, phaso, ming'oma ya njuchi ndi msipu wa ng'ombe. Jambulani mapu pansi ndi kamtengo, miyala iimire zitunda, mwala waukulu uimire mlambe umene aliyense akuudziwa, kenako muwakopere papepala anthuwo akuona.

Musafunse kuti nkhalangoyo inali mahekitala angati, chifukwa yankho lake lidzakhala longokukondweretsani. Funsani chonchi: "Agogo, pamene munkakwatiwa, nkhuni munkatola kuti, nanga mukanyamuka dzuwa likutuluka munkabwera nthawi yanji?" Mayi wina wachikulire nditamufunsa choncho sanayankhe ndi pakamwa, anangodzuka n'kunditengera kuseri kwa khola la mbuzi, n'kuloza chitsa chakuda cha tsanya chimene anthu awiri sangachikumbatire bwino, nati tchire linkayambira pamenepo. Chitsa chimenecho ndinachiyeza ndi kuchilemba pamapu, ndipo chinandithandiza kuposa mayankho onse a tsiku limenelo. Pofuna kudziwa chaka, gwiritsani ntchito zinthu zimene anthu saiwala, monga chilala cha 1992, riferendamu ya 1993 kapena madzi osefukira a Januwale 2015.

Mukatero pitani ku zithunzi za setilaiti, zimene masiku ano n'zaulere pa intaneti. Zithunzi za Landsat zinayamba mu 1972, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1980 kadontho kalikonse pachithunzi kamaimira malo a mamita 30 mbali zonse, choncho mbali ina ya zaka za nkhondo ya ku Mozambique mungaione, ngakhale kuti si miyezi yonse imene ili ndi zithunzi zooneka bwino. Pa moto waposachedwa gwiritsani ntchito Sentinel-2, amene anayamba mu 2015 ndipo amaonetsa zinthu mpaka mamita 10, komanso FIRMS ya bungwe la NASA imene imasonyeza tsiku ndi malo amene setilaiti inaona moto ukuyaka, kuyambira chaka cha 2000. Sankhani zithunzi za mwezi umodzimodzi m'zaka zosiyana, chifukwa tsanya amayoyola masamba m'chilimwe, ndipo mukafanizira chithunzi cha Malichi ndi cha Okutobala mudzalira nkhalango imene siinafe.

Tsimikizani kuti motowo ndi wa nkhondodi

Kuno kwathu tchire limapsa chaka ndi chaka popanda msilikali ngakhale mmodzi. Osaka mbewa, ofula njuchi, otentha makala, ososa m'munda ndi abusa ofuna msipu watsopano onse amayatsa moto. Choncho werengerani malo amene ankapsa pachaka m'zaka zisanu kapena khumi nkhondo isanayambe, mupeze pakatikati pake, ndipo chimene chapitirira pamenepo m'zaka za nkhondo n'chimene mungayambe kuchikayikira kuti chadza ndi nkhondo. Ngati n'kotheka, pezaninso nkhalango ina yofanana nayo imene nkhondo siinafikeko, kuti muone ngati nayonso inapsa kwambiri m'zaka zomwezo chifukwa cha chilala.

Moto wa nkhondowo muugawe patatu, ndipo gawo lililonse likhale ndi tsamba lake. Pali moto umene zida zayatsa kapena umene asilikali ayatsa dala pofuna kuvumbulutsa adani kapena kuyeretsa m'mbali mwa msewu. Pali moto wamba umene unakula chifukwa panalibe wouzimitsa, alonda atathawa ndipo njira zotchinga moto zitasiya kulambulidwa. Ndiye pali kuwonongeka kobwera ndi anthu othamangitsidwa kwawo amene akufuna pogona, nkhuni ndi polima, monga mmene zinalili kuzungulira misasa ya kuno. Kugawa kotere n'kofunika chifukwa malamulo a mayiko onse saona zitatuzi mofanana: gawo lachitatu la pangano la 1980 lokhudza zida zina za nkhondo limaletsa kuwombera nkhalango ndi zida zoyatsa moto pokhapokha ngati ikubisa asilikali kapena zida zawo, koma silikhudza mayi wothawa nkhondo amene wadula nsichi. Ndipo polemba za kuwonongeka kobwera ndi anthu othamangitsidwa musalembe ngati mukuimba mlandu anthu amene anathawitsa moyo.

Lembani malire a lupsa ndi ukali wa moto

Yendani m'malire a lupsa ndi GPS kapena foni yokhala ndi mapu, kenako mufanizire ndi chithunzi cha setilaiti mu pulogalamu yaulere ya QGIS. Akatswiri amagwiritsa ntchito muyeso wotchedwa NBR, umene umafanizira chithunzi cha moto usanadutse ndi cha utadutsa n'kuonetsa pamene panapsa kwambiri. Komabe setilaiti imanamizidwa ndi dothi lakuda la makande, mthunzi wa mitambo ndi minda yongokolola kumene, choncho mtundu uliwonse umene ukuoneka pamapu mukauone ndi maso.

Gawani lupsalo m'magulu atatu. Pamene panapsa pang'ono, udzu wokha ndiwo wapita, phulusa ndi lakuda ndipo masamba a m'mwamba akadali obiriwira. Pamene panapsa pakatikati, zitsamba ndi timitengo tating'ono tauma, makungwa ada mpaka kupitirira msinkhu wa munthu. Pamene panapsa kwambiri, phulusa ndi loyera, zipika zanyeka mpaka kusiya chithunzi chake chokha pansi, ndipo dothi pena lafiira ngati njerwa. Lembaninso mtundu wa tchire, chifukwa moto umodzimodzi suwononga mofanana. Tchire la tsanya ndi udzu linazolowera moto, makamaka wa Meyi ndi Juni udzu usanaumitsitse, pamene nkhalango yowirira ngati ya ku Lengwe imene nyala amabisalamo, kapena mitengo ya m'mbali mwa mitsinje, ikapsa ndi moto wa Okutobala, kunja kukutentha kupitirira madigiri 40, imatenga zaka zambiri kuti ibwerere, mwinanso malo ake amalowedwa ndi udzu.

Kuyeza mitengo

Simungawerenge mitengo yonse, choncho mumayeza timalo tating'ono toimira malo onse. Malo oyezerawo musasankhe ndi maso muli m'tchire, chifukwa mwendo wa munthu umathamangira pamene paoneka moipa kwambiri kapena pamene pali mthunzi. Jambulani mizere yopingasana pamapu muli kunyumba, musankhe mfundo zake mwamaere, ndipo gulu lililonse la ukali wa moto likhale ndi malo oyezera osachepera khumi ngati mphamvu zilipo. Ikaninso ena m'tchire loyandikana nalo limene silinapse, chifukwa amenewo ndiwo akuuzeni zimene zinalipo.

Pamalo alionse khomani chikhomo, mangani chingwe cha mamita 12.62, ndipo muzungulire nacho. Bwalo limenelo ndi masikweya mita 500, kutanthauza kuti mabwalo 20 akwana hekitala imodzi, imene ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka. Mtengo uliwonse wa m'bwalomo muuyeze kuzungulira thunthu pa msinkhu wa mamita 1.3 kuchokera pansi, ndipo mukagawa nambala imeneyo ndi 3.14 mupeza kunenepa kwake. Tepi ya telala imakwanira pa mitengo yambiri, ndipo ndi bwino kudula ndodo ya mamita 1.3 kuti aliyense ayezere pamodzimodzi. Lembani dzina la mtengo monga mmene eni dera amautchulira, kaya ndi tsanya, mtondo, nsangu, phingo, mlombwa, njale kapena mgwalangwa, kutalika kwake, pamene moto unalekezera pathunthu, ndi mmene ulili. Dzina la sayansi mudzalifufuza pambuyo, ndipo a bungwe lofufuza za nkhalango la FRIM ku Zomba angakuthandizeninso ndi masamu osinthira kunenepa ndi kutalika kwa mtengo kukhala kulemera kwake.

Musafulumire kulemba kuti mtengo wafa. Palani khungwa pang'ono ndi mpeni: ngati m'kati muli chinyezi ndi kubiriwira, ukadali moyo. Mitengo yambiri ya kuno imafa kumtunda kokha n'kuphukira kuchitsa, pamene ina imaoneka yamoyo mwezi woyamba koma imadzauma chaka chotsatira kapena kugwa ndi mphepo chifukwa moto unalowa m'phanga la patsinde. Pa chifukwa chimenechi kuyeza kumachitika kawiri: moto utangozima, kenako mvula itatha, cha mu Epulo kapena Meyi. Ine ndinalakwitsapo polemba manambala pamitengo ndi choko, ndipo nditabwerera mvula itatha ndinapeza makungwa ali mbee, moti ntchito ya masiku anayi ndinaiyambanso. Gwiritsani ntchito penti ya mafuta, ndipo pakati pa bwalo mukwirire kachitsulo pansi, chifukwa chikhomo cha mtengo chiswe chimadya kapena wina amakasonkhera moto.

Tiyerekeze kuti m'gulu lopsa kwambiri mwapeza mitengo yakufa 6 pa bwalo lililonse mukatenga pakatikati. Ndiye kuti pa hekitala pafa mitengo 120, ndipo ngati gululo ndi mahekitala 10, yafa 1,200. Koma ngati m'mabwalo a tchire losapsa mukupezekanso mtengo umodzi wouma pa bwalo, muchotse 20 pa hekitala iliyonse, chifukwa imeneyo inafa yokha. Chitani chimodzimodzi ndi magulu enawo, lililonse palokha, kenako muphatikize.

Nthaka, madzi ndi nyama

Donthezani madzi pang'ono padothi mutachotsa phulusa, n'kuona ngati akulowa msanga kapena akungokhala ngati mkanda, chifukwa dothi lopsa kwambiri nthawi zina limakana madzi ndipo mvula yoyamba imangothamanga pamwamba. Pamalo otsetsereka khomani tizitsulo mvula isanayambe, mulembe kutalika kwa mbali yotsalira kunja, ndipo mudzayezenso mvula ikatha kuti mudziwe dothi limene lakokoloka. Zigwembe zatsopano muziyeze m'litali, m'lifupi ndi kuya, n'kuzijambula mutaimikapo munthu kapena khasu. Funsaninso ngati zitsime ndi akasupe a m'munsi mwa lupsa akuphwa msanga kuposa kale, ndi ngati mchenga wakwirira madimba.

Pano pali msampha umene anthu a kuchigwa timakodwamo kawirikawiri. Tonse tikudziwa mmene mtsinje wa Mwanza wadzazira mchenga, ndipo tinaona namondwe Ana akuwononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, kenako Freddy mu Malichi 2023. N'zoona kuti mapiri opanda mitengo amawonjezera ukali wa madzi, koma simungasenzetse lupsa limodzi mlandu wa chigumula chimene madzi ake achokera m'maboma ambiri. Lembani zokhazo zimene mungazilondole ndi phazi kuchokera palupsa mpaka pamunda umene wakwiririka.

Nyama n'zovuta kuziwerenga, ndipo nthawi zambiri pa nkhondo mfuti ndi misampha zimapha zambiri kuposa moto. Ku Gorongosa, malo osungira nyama m'chigawo cha Sofala ku Mozambique, nyama zikuluzikulu zinatha ndi zoposa 90 pa 100 zilizonse m'zaka za nkhondo, makamaka chifukwa chosakidwa. Choncho lembani mitembo, zisa ndi mapanga a njuchi zimene mwaona zitapsa, fanizirani mapazi ndi ndowe m'mabwalo opsa ndi osapsa, koma musanene kuti nyama iliyonse imene yasowa yafa ndi moto. Ngati moto unalowa m'dambo ngati Elephant Marsh, limene linalowa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar mu 2017, kapena Ndindi, onjezerani bango, gumbwa ndi malo oswanirana mbalame.

Kusandutsa zonsezi kukhala ndalama

Yambani ndi kuchuluka kwa zinthu, ndalama zibwere pambuyo. Lembani mitolo ya nkhuni, nsichi, mitolo ya udzu, malita a uchi, ndowa za masawu, ndipo pambali pake mulembe ndalama yake, msika umene mwafunsako ndi tsiku. Izi n'zofunika chifukwa kwacha siikhazikika. Mu Novembala 2023 yokha inagwa ndi 44 pa 100, ndipo lipoti lolemba makwacha okha limakalamba chaka chisanathe. Lembaninso mmene dola inkasinthidwira tsiku limenelo.

Ndalama ya pamsika si ndalama ya mtengo uli chiimire m'tchire. Thabwa la mlombwa ku Blantyre lanyamula malipiro a wocheka, mayendedwe okwera chitunda cha ku Thabwa ndi phindu la wogulitsa, choncho muchotse zonsezo kuti mutsale ndi ndalama ya mtengo weniweniwo usanadulidwe. Funsani pa misika yapafupi, monga Nchalo, Ngabu, Bangula kapena Nsanje, kwa ogulitsa osachepera atatu, ndipo musanene kuti mukufuna chipukuta misozi, apo ayi ndalama zonse zikwera nthawi yomweyo. Mitengo yakufa imene anthu angathebe kutola ngati nkhuni ili ndi kandalama kake kamene muyenera kuchotsa pa zotayika. Za makala samalani nazo: kutentha makala popanda chiphaso n'kuphwanya lamulo la za nkhalango, ndipo phindu loletsedwa silivomerezeka pa madandaulo, choncho mulilembe padera ngati umboni wa mmene anthu ankapezera ndalama basi.

Kwa mabanja a m'midzi chotayika chachikulu kawirikawiri si matabwa, koma zinthu zimene ankatenga ulere tsiku ndi tsiku. Yendani m'makomo osankhidwa mwamaere kuchokera m'kaundula wa anyakwawa, osati amene akhala pafupi ndi msewu okha. Tiyerekeze kuti mabanja 80 ankatola mitolo iwiri ya nkhuni pasabata m'tchirelo: pachaka imeneyo ndi mitolo 8,320. Ngati tsopano akugula, chulukitsani ndi ndalama ya mtolo umodzi. Ngati akukatola kutali, werengerani maola owonjezera, ndipo muwapatse ndalama ya ganyu wa tsiku m'deralo. Musawerenge zonse ziwiri pa banja limodzi. Kwa oweta ng'ombe, amene ndi ambiri mbali ya Ngabu, funsani masabata amene msipu unasowa, zimene anagula kapena mtunda umene anakusa ziweto, ndi zimene zinafa kapena kugulitsidwa motchipa chifukwa chowonda. Nyumba, nkhokwe, makola ndi ming'oma zimene zapsa muziwerengere ndalama yomangira zina zofanana nazo.

Mpweya umene wapita kumwamba nawonso uli ndi masamu ake. Malinga ndi malangizo a bungwe la IPCC, loona za kusintha kwa nyengo, pafupifupi 0.47 ya kulemera kwa mtengo wouma ndi kaboni, ndipo kaboniyo mukamuchulukitsa ndi 3.67 mumapeza kulemera kwa mpweya wa CO2. Ngati pa hekitala panyeka matani 10 a mitengo youma, ndiye kuti kaboni ndi matani 4.7, ndipo mpweya ndi matani 17 ndi pang'ono. Werengani zokhazo zimene zanyekadi kapena zafa, osati nkhalango yonse, ndipo udzu musauphatikize, popeza ukamera chaka chamawa umabweza mpweya umene unatulutsa. Kumbukiraninso kuti mtengo umodzi sungakhale thabwa, nkhuni ndi nkhokwe ya kaboni nthawi imodzi. Sankhani ntchito imene ukanagwiradi.

Pomaliza pa gawo limeneli ikani ndalama yokonzera malowo: kulambula njira zotchinga moto, kulipira alonda, kutseka zigwembe, kusamalira mphukira, ndi kubzala pamene zitsa zafa. Kuno kotentha, mbande zambiri zobzala zimafa ndi dzuwa, mbuzi ndi chiswe, pamene chitsa chokhala ndi mizu yake kale chimakula msanga mukachipatulira mphukira n'kusiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu, choncho bajeti yodzaza ndi machubu ndi mbande pamalo amene zitsa zili moyo ine ndimaikayikira. Ngati pakufunika kuchotsa mabomba, ndalama yake ifunsidwe kwa akatswiri ake ndipo ikhale pamzere wakewake.

Zaka zimene chilondacho chidzatenge

Kutayikako sikuthera chaka cha moto. Pa chinthu chilichonse lembani zaka zimene chidzatenge kuti chibwerere, mothandizidwa ndi akuluakulu a m'mudzi ndi alangizi: udzu wofolera umabwera ndi dzinja limodzi, nsichi zimafuna zaka zingapo, koma tsanya kapena phingo wamkulu amene wagwa sadzaonedwanso ndi amene akuyeza lero. Jambulani tebulo la chaka ndi chaka, chotayikacho chizichepa mmene tchire likubwerera, mpaka chifike pamene chikanakhala pakanapanda moto. Akatswiri a zachuma amachepetsa ndalama ya zaka zam'tsogolo ndi peresenti ina chaka chilichonse, pa mfundo yakuti chimene uli nacho lero chimaposa cholonjezedwa. Peresenti imeneyo imasintha kwambiri yankho, choncho werengerani kawiri, ndi yotsika ndi yokwera, muonetse zonse ziwiri. Chimodzimodzi chiwerengero chomaliza chikhale ndi malire apansi ndi apamwamba, ndipo munene chimene chikuchititsa kusiyanako.

Zimene sizigulidwa, ndi kasungidwe ka umboni

Manda, mitengo yothirira nsembe ndi nkhalango zopatulika ngati Khulubvi, kumene kuli kachisi wa Mbona, musaziikire ndalama. Zilembeni m'gawo lawolawo, m'mawu a eni ake, ndipo mulowemo kapena kujambula pokhapokha osunga malowo atalola ndi kukuuzani miyambo yake. Momwemonso mulembe anthu amene anavulala kapena kudwala ndi utsi, malinga ndi zimene zili m'mabuku a chipatala, koma mayina awo asatuluke m'lipoti.

Lipotilo lionetse poyera zimene munayeza nokha, zimene munauzidwa, ndi zimene munangoyerekeza, ndipo chithunzi chilichonse chikhale ndi tsiku ndi nambala za GPS. Musanalitumize kulikonse, kaliwerengeni pabwalo la amfumu m'chinenero chimene anthu akumva, kaya Chimang'anja kapena Chisena, kuti akonze pamene mwalakwitsa, ndipo musalonjeze kuti kubwera ndalama, chifukwa kuwerengera si kulipira. Mapepala oyambirira a m'tchire, ngakhale ada ndi phulusa, musawataye mutakopera mu kompyuta. Ajambuleni ndi foni, kope imodzi isungidwe kwa amfumu, ina ku ofesi ya za nkhalango, ina pa intaneti, ndipo ya kumudziyo ikhale m'pulasitiki pamalo okwera, poti kuno madzi amalowa m'nyumba usiku. Mwezi wa Meyi uliwonse, kwa zaka zosachepera zisanu, bwererani pa tizitsulo tija ta pakati pa mabwalo ndi chingwe chomwe chija cha mamita 12.62, muyezenso mitengo yomweyo, ndipo mukonze tebulo la zaka mogwirizana ndi zimene mwapeza.